Inde, ndinawanyamula apongozi

Popeza alamu anga aifalitsa kale nkhaniyi muno mu Chipata, kuyambira ku Kapata mpaka ku Mchini, ndipo dzulo mnyamata wa njinga yemwe sindimudziwa n'komwe wandikuwira pa Down Shops kuti "a Ambulansi, tiyeni!", ndaona kuti ndiikambe ndekha isanamere nyanga. Inde, ndinawanyamula apongozi anga. Koma sindinathamange nawo, ndipo sindinawabereke kumsana monga akukambira a ku Navutika. Ndinangowanyamula chabe.

Inu mumaona zithunzi za jekete pa Facebook n'kumati mtchona ali mu ofesi. Ofesi yake iti? Kuyambira 2010 mpaka 2024 ntchito yanga ku Leeds, ku England, inali yosamalira nkhalamba: kuzisambitsa, kuzidyetsa, kuzitembenuza pakati pa usiku. Kumeneko munthu wamkulu akafika pansi ndi mlandu. Belu limalira, anamwino amathamanga, mafomu amalembedwa mpaka cholembera kutha inki. Zaka 14 za moyo wotere, thupi limaphunzira zakezake. Bondo la nkhalamba likangokhudza dothi, miyendo yanga imanyamuka mutu usanavomere.

Komanso sindinawazindikire, ndipo apa musandiweruze. Nthawi zonse tikaimba vidiyo pa WhatsApp, apongozi ankalozetsa foni kudenga chifukwa cha ulemu. Ine ndimadziwa bwino malata a nyumba yawo, ndi msomali uti unachita dzimbiri chaka chiti. Nkhope ayi.

Tinapita kumudzi kwa amake ana, kuseri kwa Katete, mu Ogasiti, kutatsala sabata kuti anthu akhamukire ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba. Amake ana anatsalira pa mjigo kupatsana moni ndi anzawo akale, moni wakwathu uja wofunsa mpaka nkhuku. Ine ndinatsogola, jekete ili m'thupi ngakhale dzuwa linali litayamba kale kulusa, m'manja muli shuga, mafuta ophikira ndi chitenje. Ndikukhota pa nkhokwe, ndinaona mayi wachikulire atanyamula lichero la nshawa. Atandiona anapatuka m'njira, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono, bondo lina kenako linzake, dzanja atagwira nkhokwe, nkhope atapotolera kumbali.

Mwana aliyense wa kuno kum'mawa akudziwa kuti ameneyo ndi mpongozi akulonjera mkamwini ali patali. Ine ndinaona sitiroko.

Shuga ndinaponya uko, mafuta uko. Ndinafika, manja m'khwapa, n'kuwerenga mokweza ngati ndili ndi mnzanga wa pa shifiti, wani, thu, firii, hii! Tsoka lake, mphamvu ndinaika ya azungu a ku Yorkshire, dera lomwe kuli Leeds, anthu oleredwa ndi mbatata ndi tchizi. Apongozi anga ndi opepuka ngati mtolo wa udzu wouma. Anakwera. Mapazi awo anasiyana nalo dziko la Gawa Undi. Patapata imodzi inatsala pansi, inzake ikulendewera ku chala chachikulu, ikuganiza kaye. Nshawa zinamwazika bwalo lonse, nkhuku za mudzi wonse n'kuyamba phwando. Ndipo pakamwa panga, popanda chilolezo changa, panatuluka mawu amene ndinkawanena kakhumi pa tsiku ku Leeds: "You alright, love?"

Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino. Anatseka maso, ndipo ali m'malere momwemo anasonkhanitsa manja awo pakati pa chifuwa changa ndi chawo, pomwe panalibe malo n'komwe, n'kuyamba kuomba. Phu, phu, phu. Mwaulemu, mosafulumira.

"Mwayenda bwanji, apongozi?"

Mawuwo ndinawadziwa. Ndi mawu a malata aja.

Abale anga, pali zinthu zimene sukulu siphunzitsa. Mpongozi amene uli naye m'mwamba umamutsitsa bwanji? Ndinaganiza kuti ndikawaika pansi agwadanso, ndipo iwo akagwada ine ndiyenera kutsika kuposa iwo, ndiye kuti kugona chafufumimba pa nshawa pakati pa nkhuku. Ndikawasiya msanga agwa zenizeni. Mutu unaima ngati chigayo magetsi akathima. Choncho ndinachita chimene munthu woleredwa bwino amachita akapatsidwa moni. Ndinayankha.

"Tayenda bwino amayi, kaya inu kuno?"

"Ife tilipo. Koma mvula chaka chino inatilanga, chimanga chinapserera chisanabereke."

"Pepani amayi, tinamva."

"Nanga ana mwawasiya bwanji?"

Tinafika mpaka pa chifuwa cha mwana wachiwiri, munthu ali m'mwamba. Mphuno zathu zinatalikirana ngati chala chimodzi, ine ndi munthu amene mwambo sundilola kukhala naye mphasa imodzi. Iwo maso ali chitsekere, ine ndikuyang'ana denga la nkhokwe, aliyense akuyesetsa kusunga ulemu umene unatsala. Mikono inayamba kunjenjemera. Patapata ija inaganiza zokwanira, n'kugwa. Alamu amati panatha mphindi khumi. Bodza, sizinapitirire ziwiri, koma ndikuvomera kuti m'mphindi ziwirizo ndinakalamba.

Amene anandipulumutsa ndi amake ana. Sanathamange, sanakweze mawu. Anaima kumbuyo kwanga n'kunena ngati akukamba za poto wa pamoto: "A bambo ake, atsitseni amayi."

Pamenepo n'kuti alamu anga aang'ono, omwe anamaliza giredi 12 ndipo sanapezebe pogwiritsa ntchito Chingelezi chawo, ali pansi pa mtengo wa mango, amva zonse. Amayi a pa mtondo atafunsa kuti mkamwini wati chiyani, iwo anamasulira mokhulupirika: "Akuti muli bwanji chikondi changa." Ndinayesa kufotokoza kuti ku Yorkshire mawu amenewo amauza aliyense, woyendetsa basi, wogulitsa buledi, ngakhale wapolisi. Azakhali ena anangoti, "Ndiye zaka zonsezi mumauza aliyense?" Amake ana anandiyang'ana. Ndinatseka pakamwa.

Mawa lake tinakhala pansi pa mango womwewo, ankhoswe a mbali zonse, ndi amalume awo a amake ana, eni mbumba. Anakamba mofatsa kuti mwana walakwa koma walakwira kutali, madzi a kunja amasokoneza. Chigamulo: mbuzi imodzi ndi 2 pin.

Apa ndiye ndinafuna kuonetsa kuti sindinatayike kwenikweni. Ndinachoka pin ili K1,000 ya ndalama zakale, ndipo ndinawerenga pa intaneti kuti mu Januwale 2013 Bank of Zambia inadula maziro atatu. Masamu osavuta: 2 pin ndi K2. Ndinadabwa kukoma mtima kwa anthu a ku Katete. Ndinayenda ndi maondo bwinobwino, kuomba m'manja, n'kuika K5 m'mbale. Ndinaonjezanso kuti za chenji asavutike.

Kunagwa chete woti ngakhale nkhuku zinasiya kujompha. Amalume anaitola K5 ija, kuitembenuza, kuyang'ana ngati kumbuyo kwake kwamatirira zinzake. Nkhoswe yanga inandikoka jekete n'kundinong'oneza kuti maziro anachoka pa pepala chabe, pakamwa pa anthu pin idakali chikwi. Ankanena K2,000 ya lero. Mbuzi zinakhala ziwiri.

Tsopano inu amene mukuseka, ndikufunseni. Akanakhala kuti amayiwo akudwaladi, bwenzi mukuti chiyani? Bwenzi mukuti mtchona anaima n'kumaonerera, shuga ali m'manja. Ine ndinalakwa mwambo koma mtima unali woyera. Ngakhale kuti, kunena zoona, ku Leeds komweko akanandiitana ku ofesi, chifukwa lamulo lake munthu wogwa sumuzula ndi manja m'khwapa, umayamba waona ngati wavulala, n'kudzutsa ndi makina. Ndiye kuti tsiku limodzi ndinaphwanya malamulo a maiko awiri. Izi alamu sakuzidziwa, ndipo musawauze.

Ndapitako kawiri chichitikire zimenezi. Apongozi akangomva kuti ndafika amalowa m'nyumba, moni amaperekera pa windo. Koma sabata yatha anatuma uthenga kwa amake ana kuti fetereza wafika pamsewu, ngolo ya ng'ombe yathyoka gudumu, ndiye bambo a ana abwere, popeza mphamvu anaziona okha. Matumba ndi 8, a makilo 50. Ndipita Loweruka. Alamu akuti atchajiratu foni.