Kuwala kwa milalang'amba yoyambirira ndi zimene kumatiuza

Teremu ino, pa maphunziro anga a fizikisi kuno ku Zomba, ndathera nthawi yambiri pa funso limene labwera ndi telesikopu ya James Webb, yomwe inatumizidwa m'mlengalenga pa 25 Disembala 2021. Akatswiri ankayembekezera kuti milalang'amba (magulu aakulu kwambiri a nyenyezi) yoyambirira idzakhala yochepa ndiponso yosawala kwenikweni, popeza chilengedwe, chimene tsopano chili ndi zaka pafupifupi mabiliyoni 13.8, chinali chitangoyamba kumene. Koma telesikopuyi yapeza milalang'amba yowala kwambiri, yochuluka kuposa mmene masamu awo ankanenera. Umodzi mwa iyo, JADES-GS-z14-0, umene unalengezedwa mu 2024, timauona monga unalili patangopita zaka pafupifupi mamiliyoni 290 chichitikireni Big Bang, kufutukuka kumene akatswiri amati ndiko chiyambi cha chilengedwe.

Mfundo imene ndaigwiritsa ndi yakuti telesikopu imayeza kuwala, pamene kulemera kwa mlalang'amba ndi kuchuluka kwa nyenyezi zake timachita kuwerengera, modalira zimene tikudziwa za nyenyezi zoyandikana nafe. Moto wolusa ukabuka paphiri la Zomba mwezi wa Okutobala, usiku umaoneka patali ngati nkhalango yonse ikutha, chonsecho ukungonyambita udzu wouma ndipo kukamacha wazilala. Mlalang'amba waung'ono ukhoza kuwala chimodzimodzi ngati wabala nyenyezi zambiri nthawi imodzi, makamaka zikuluzikulu zotentha kwambiri, zimene zimatha pakangopita zaka mamiliyoni ochepa. Kufotokoza kumeneku ndi kumene kukundikhutiritsa kwambiri, ngakhale kuti sikuyankha zonse. Mu mlalang'amba wa GN-z11, umene telesikopu ya Hubble inautulukira mu 2016, akatswiri ena aona zizindikiro zakuti mbali ina ya kuwalako ikuchokera ku mpweya wotentha umene ukugwera mu black hole, malo amene mphamvu yake yokoka ndi yaikulu moti ngakhale kuwala sikungatulukemo.

Nawonso mtunda umanyenga. Kuwala kochokera kutali kumafika kutafiirira chifukwa cha kufutukuka kwa chilengedwe, ndipo muyeso wake umatchedwa redshift (ikakula, ndiye kuti chinthucho chili kutali kwambiri), koma fumbi nalo limafiiritsa kuwala. Mlalang'amba wa CEERS-93316 poyamba unkaganiziridwa kuti uli pa redshift ya pafupifupi 16, koma kuwala kwake kutagawidwa m'mitundu yake ndi chipangizo cha pa James Webb chotchedwa NIRSpec, kunapezeka kuti uli pa 4.9. N'chifukwa chake sindivomereza msanga nkhani za pa intaneti zonena kuti James Webb yagwetsa chiphunzitso cha Big Bang.

Komabe JADES-GS-z14-0 ukundivutabe maganizo. Mtunda wake unatsimikizidwa, ndipo popeza ndi wotambalala mtunda umene kuwala kumayenda pa zaka zoposa 1,600, kuwala kwake kuyenera kuti kukuchokera ku nyenyezi osati ku black hole. Mu 2025 kunalengezedwa kuti matelesikopu a ALMA a ku Chile anapezamo okosijeni, chinthu chimene chimapangidwa m'kati mwa nyenyezi n'kumwazika zikaphulika. Izi zikusonyeza kuti pa zaka zosakwana mamiliyoni 300, m'badwo wina wa nyenyezi unali utabadwa kale, n'kufa, n'kusiya zotsalira zake mu mpweya umene unapanga nyenyezi zimene tikuzionazi.