Mpopi ndinaukonza ndekha, koma paipi ya m'khoma inandikanika

Mpopi wa kukhitchini kwathu unayamba kudontha mwezi wa Juni, ndipo kwa milungu iwiri tinkangotchera beseni usiku. Mayi a kunyumba atatopa nazo anati tiitane pulambala, koma ine ndinaona kuti kulipira munthu chifukwa cha kamphira kamodzi n'kuseweretsa ndalama. Ndinatseka valavu ya pafupi ndi mita, n'kumasula mutu wa mpopiwo ndi bobojani wobwereka, ndipo ndinapezadi kuti kamphira ka m'kati kanali katadyeka. Ndinapita nako kumsika wa Ndirande kuti ndikayerekeze ndi katsopano, ndipo pofika masana kudontha kunali kutatha.

Zimenezi n'zomwe zinandipusitsa. Patapita mwezi, khoma la kubafa linayamba kuchita chinyezi. Nditatseka mipopi yonse ndinaona kuti mita ikuyendabe pang'onopang'ono, kusonyeza kuti madzi ankatayika penapake. Mapaipi onse ochokera pa mita kulowa m'nyumba amakhala m'manja mwa mwini nyumba, osati bungwe la madzi, choncho ndalama ya madzi otayikawo inali pamutu panga. Ndinagumula pulasitala, ndinapeza paipi yachitsulo ya hafu inchi itachita dzimbiri polumikizira, ndipo nditaikoka mwamphamvu ndi bobojani uja inathyokera m'kati mwa chigongono, kachitsulo kokhota kolumikizira mapaipi, mazinga ake n'kutsalira momwemo. Ndinayesa kumangapo mphira ya chubu cha njinga, monga timachitira ambirife, koma panalibenso pogwira.

Tinagona masiku awiri valavu ili yotseka, tikupempha madzi kwa aneba. Pulambala amene anabwera, bambo wachikulire wosayankhulayankhula, sanandidzudzule. Anangonena kuti paipi yadzimbiri imafuna zida ziwiri, china chogwira ndi china chomasula, komanso kuti ndikanawaitana isanathyoke sakanagumula khoma lalikulu chotero. Anachotsa chigawo chonse chachitsulo n'kuikapo pulasitiki, ndipo kuwonjezera pa malipiro awo ndinagulanso simenti ndi penti, zomwe sizinali m'maganizo mwanga.

Sindinasiye kukonza zinthu ndekha, chifukwa kudikira mmisiri tsiku lonse kaamba ka kamphira kumandipwetekabe mtima. Sabata ino thanki ya chimbudzi yayamba kusefukira, ndipo popeza chovuta chikuoneka ndi maso ukangochotsa chivundikiro, ndidzakonza ndekha Loweruka. Giza nayonso ikudontha kudenga, koma imeneyo muli magetsi ndi madzi otentha, ndipo bambo aja ndawaimbira kale foni.