Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Tabuleti yoyamba kutuluka, kugula kapena kudikira?

M'gawo lathali ndinalekera pamene ndinaika benchi langa lokonzera mafoni pa Chitakale. Gawo lino likukhudza zaka zimene matabuleti anayamba kufika m'manja mwa anthu a kuno ku Mulanje, ndipo za ine mwini zikhala zochepa. Zambiri zikhala za chipangizocho, chifukwa funso limene aphunzitsi, abusa ndi akalaliki a m'maesiteti a tiyi ankandifunsa nthawi imeneyo ndi lomwe ndikufunsidwabe lero: "Amisiri, kwatuluka yatsopano, ndigule pompano kapena ndidikire inzake?" Yankho langa silinasinthe. Mtundu woyamba wa tabuleti iliyonse musauthire ndalama yanu yokhetsera thukuta. Dikirani wachiwiri. Koma kudikirako kuli ndi polekezera, ndipo ndifikapo.

Tiyambe ndi iPad, poti ndi imene inatsegula msikawu. Steve Jobs, mkulu wa kampani ya Apple panthawiyo, anaionetsa kwa anthu mu Januwale 2010, ndipo ku America inayamba kugulitsidwa mu Epulo chaka chomwecho, yotsika mtengo pa madola 499. Sikirini yake inali ya mainchesi 9.7, batire lokhala maola ngati 10. Kamera inalibe ngakhale imodzi, ndipo RAM yake inali 256 MB yokha. Patangotha miyezi 11, mu Malichi 2011, kunatuluka iPad 2 pa mtengo womwewo wa madola 499, ili ndi makamera awiri, RAM ya 512 MB, yopyapyala ndi yopepuka kuposa mkulu wake. Kusiyana kwenikweni kunadzaoneka patsogolo. Pa iOS, pulogalamu yaikulu yoyendetsa iPad, yoyamba ija inalekera pa 5.1.1 mu 2012, itangokhala zaka ziwiri pamsika, pamene iPad 2 inapitirirabe kulandira zatsopano mpaka iOS 9.3.5 mu 2016. Munthu amene anaugwira mtima osakwana chaka anapindula zaka zinayi pa ndalama yofanana.

Nkhani ya RAM ndiifotokoze bwino, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa ndi manambala a pa katoni. M'tabuleti muli memori ya mitundu iwiri. Ina ndi nkhokwe, mosungira zithunzi, mabuku ndi mavidiyo, imene amalemba kuti 16 GB, 64 GB kapena 128 GB. Ina ndi lichero, pamene chipangizocho chimapetera zimene mwatsegula panthawiyo, ndipo imeneyi ndiyo RAM. Nkhokwe ikhoza kukhala yaikulu, koma lichero likachepa ntchito siyenda. Mutsegula tsamba la pa intaneti lokhala ndi zithunzi zambiri, lichero ladzaza, pulogalamu ingotseka yokha n'kukubwezerani poyambira. Mapulogalamu amanenepa chaka ndi chaka, pamene lichero silikula, chifukwa RAM anaiwotcherera pa bolodi ndipo palibe mmisiri wa pa benchi amene angakuwonjezereni. Memori khadi imakulitsa nkhokwe yokha. Makampani akamatulutsa mtundu woyamba amakonda kuumira pa RAM kuti mtengo usakwere, popeza sanadziwe ngati katunduyo ayenda malonda.

Mitundu ina yoyamba inafa msanga kuposa pamenepo. HP TouchPad inatuluka pa 1 Julaye 2011, ndipo pa 18 Ogasiti eni ake analengeza kuti aileka, isanathe ngakhale miyezi iwiri. Zotsala anazigulitsa pa madola 99. BlackBerry PlayBook ya mu Epulo 2011 inabwera yopanda pulogalamu yakeyake ya imelo, moti mumafunika foni ya BlackBerry pambali. Surface RT ya mu 2012 inkaoneka ngati kompyuta ya Windows, koma mapulogalamu a Windows amene anthu anazolowera sankalowamo. Zonsezi zinali zokongola m'maso, chikomekome cha mkuyu. Wogula mtundu woyamba amakhala akuyesera kampani katundu wake ndi ndalama ya m'thumba mwake. Zimene zamuvuta iye ndi zimene amakonza pa mtundu wachiwiri.

Kwa ife akuno pali vuto lina limene wa ku London kapena ku Johannesburg saliganizira, ndipo kwa ine ndi lalikulu kuposa onse: masipeya. Tabuleti imafa malo atatu, pa thachi (galasi lapamwamba limene mumakhudza ndi chala), pa batire ndi polowera tchaja. Amalonda amene amabweretsa masipeya ku Limbe ndi ku Blantyre saitanitsa chinthu chimene chidzagona m'shelefu. Amaitanitsa za mtundu umene wachuluka m'manja mwa anthu, ndipo mtundu woyamba nthawi zambiri umafika kuno wochepa, umodziumodzi, m'zikwama za abale ochokera ku Joni. Galasi likasweka mumafufuza mpaka kutopa.

Pa matabuleti otchipa opanda dzina lodziwika zinthu zimavuta koposa. Thachi yake sitiifufuza ndi dzina la pa katoni, timaifufuza ndi nambala yolembedwa pa kalamba kopyapyala kolumikiza galasi ku bolodi. Matabuleti awiri ofanana kunja, mainchesi omwewo, akhoza kukhala ndi timalamba tosiyana mano, ndipo mukaika kolakwika chala chimakhudza kumanja, chipangizo n'kuyankha kumanzere, kapena osayankha n'komwe. Dziwaninso kuti pa matabuleti ena galasi la thachi ndi sikirini ya m'kati ndi zinthu ziwiri zolekana, moti likasweka mumasintha lapamwamba lokha. Pa ena anazimata pamodzi, ndipo kang'alu kakang'ono kamachititsa kuti mugule zonse ziwiri. Choncho musanatulutse ndalama, lembani nambala ya mtundu wa tabuletiyo papepala, mufunse amisiri atatu osiyana ngati thachi ndi batire lake zimapezeka, komanso mtengo wake. Awiri akapukusa mutu, isiyeni.

Polowera tchaja napo pamasintha mtundu woyamba ukadutsa. iPad zoyamba zinali ndi polowera papakulu pa mano 30, ndipo mu 2012 anasintha n'kuika Lightning, pano ndi USB-C. Galaxy Tab yoyamba ya mainchesi 7, ya kumapeto kwa 2010, inali ndi pakepake pa mano 30, pofanana maonekedwe ndi pa iPad koma nthambo zake sizibwerekana. Nthambo yotero ikaduka, pa msika wa Limbuli simuipeza mwachisawawa. Ndipo kuno ndi kwa chinyezi. Nyengo ya chiperoni nkhungu imalowa m'nyumba, dzimbiri lobiriwira limamera pa mano a polowera tchaja, tabuleti n'kumatchaja ikafuna. Mukaona zimenezo izimitseni, mutsuke ndi sipiriti wa amisiri ndi mswachi wofewa, iume kaye musanalumikize. Kuikwirira mu mpunga sikuchotsa dzimbiri. Tchaja yake ikhalenso yoyenera: tabuleti imafuna 5V 2A kapena kuposa, pamene matchaja ambiri a mafoni ang'onoang'ono ndi mabowo a USB a pa sola za m'nyumba amatulutsa 1A. Imeneyo imatchaja usiku wonse osadzaza, yokha n'kumatentha.

Pali msampha wina umene ndimauona kawirikawiri. Mtundu woyamba umene unakanika kugulitsidwa kunja umadzafika kuno patapita zaka, uli m'katoni yomata bwinobwino, wogulitsa n'kumati ndi watsopano. Katoniyo ndi yatsopano ndithu, koma batire la lithium limakalamba ngakhale lisakugwira ntchito. Limafuna kusungidwa lili ndi moto pafupifupi theka. Likagona zaka mpaka kutsika pansi pa 2.5V limawonongeka m'kati, ndipo mukayamba kulitchaja limatupa n'kukankha sikirini kuchokera pansi. Batire lotupa musaliboole kapena kulipanikiza, limayaka moto.

Za simu khadi ndingodutsamo mwachangu. Tabuleti ya Wi-Fi yokha, kumudzi kopanda Wi-Fi, imadalira foni ina kuti iigawire bandulo. iPad ngakhale yolowa simu siimba foni wamba ndipo simungaimbepo manambala a nyenyezi a Mpamba kapena Airtel Money. WhatsApp inasiya kugwira pa Android yosafika 5.0 mu Okutobala 2023, ndipo yakeyake ya iPad inatuluka mu Meyi 2025, patapita zaka 15 chitulukireni iPad yoyamba, koma pa zakalezo siilowa.

Tsopano polekezera pa kudikira. Yatsopano sidzasiya kutuluka. iPad yachitatu inabwera mu Malichi 2012, ndipo pofika Okutobala chaka chomwecho yachinayi inali italengezedwa kale. Wodikira yabwino kotheratu adzakalamba ndalama ili m'manja, ndipo ndalama yathu siidikira munthu. Mu Meyi 2012 dola inachoka pa K168 kufika pa K250 tsiku limodzi. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Tabuleti ndi katundu wogulidwa ndi madola, choncho kwacha ikagwa mtengo wa m'sitolo umakwera sabata yomweyo, ndipo amene anasunga ndalama ya tiyi kapena ya nanazi pansi pa pilo kudikira mtundu wachitatu amapeza kuti sikukwananso ngakhale woyamba uja. Muyezo wanga ndi uwu: mtundu wachiwiri ukatuluka, mupatseni miyezi 6 kuti zovuta zake zimveke ndiponso masipeya afike ku Limbe, kenako gulani osayang'ananso zimene zikubwera. Ngati mtunduwo wafika kale pa wachitatu kapena wachinayi, nthawi yabwino ndi pamene watsopano wangofika, chifukwa wa chaka chatha umatsika mtengo pamene masipeya ake ali mbwee.

Sindikana kuti mtundu woyamba uli ndi malo ake. Ngati mtengo ndi wotsika kwambiri ndipo ntchito yake ndi imodzi yosafuna intaneti, monga kuwerengera manotsi a PDF, Baibulo kapena kuonetsa ana mavidiyo a maphunziro amene mwaikamo kale, ikhoza kukutumikirani. Ingodziwani kuti ikagwa pansi ndiye kuti yapita.

Kaya ndi ya m'sitolo kaya ndi ya pamanja, musachite manyazi kuiyesa pamaso pa wogulitsa, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lowani mu Settings muone nambala ya mtundu ndi Android kapena iOS imene ilimo, ndipo nambalayo muilembe pa intaneti kuti mudziwe chaka chimene inatuluka. Masiku ano ine sindilangiza munthu kugula ya Android yosafika RAM ya 4 GB ndi nkhokwe ya 64 GB. Samalani ndi zopanda dzina zimene zimalonjeza manambala akuluakulu pa mtengo wa foni ya mabatani, chifukwa zina anazikonza kuti ziname ngakhale mu Settings momwemo. Njira yozigwirira ndi kuthiramo mavidiyo opitirira 20 GB n'kuwatsegula limodzilimodzi. Ngati omalizira akukana kutseguka, nkhokweyo ndi yabodza.

Thachi muiyese pogwira kachizindikiro ka pulogalamu imodzi n'kukakoka pang'onopang'ono sikirini yonse, m'mbali ndi m'makona momwe. Pamene kakupulumukani chala chili chigwirire, pamenepo ndi pakufa. Tsegulani chithunzi choyera mbee, kenako chakuda bii, muone ngati pali madontho kapena mizere. Igonekeni pa tebulo losalala muyang'ane m'mbali: galasi likadzuka pakati kapena tabuleti ikamagwedera, batire latupa. Kwezani kuwala mpaka kumapeto muonetse vidiyo mphindi 15. Batire labwino limatsika ndi 3 kapena 5 peresenti, likatsika ndi 10 kapena kuposa ndiye kuti latha. Lumikizani tchaja, mugwedeze nthambo pang'ono, isamaduleduke. Ikanimo simu yanu muone ngati ikukoka netiweki, popeza zina zochokera kunja zimabwera zokhomedwa ku kampani ya kwawoko.

Chomaliza ndi chimene chadzaza katoni ya pansi pa benchi langa ndi matabuleti abwinobwino osagwira ntchito. Kuyambira pa iOS 7 mu 2013, ndi pa Android 5.1, chipangizo chimamangiriridwa ku akaunti ya mwini wake. Mukachifufuta osachotsa akauntiyo, chimadzuka chikufunsa imelo ndi nambala yachinsinsi ya munthu amene mwina simudzamuonanso. Wogulitsa achotse akaunti yake ya Apple (iCloud) kapena ya Google inu mukuona, aifufute yonse, ndipo muiyatse limodzi mpaka ifike pa sikirini yoyambira mutalowetsa akaunti yanu. Pa lisiti alembepo nambala ya IMEI kapena ya siriyo (manambala ozindikirira chipangizocho), tsiku, ndi masiku amene mungaibweze ikavuta. Ndalama iperekedwe zonsezi zitatha.

M'gawo lotsatira ndidzafotokoza za chaka chimene ndinasamutsira benchi ku Limbuli ndi mmene ndinaphunzirira kuwotcherera polowera tchaja ndi mpweya wotentha.