Kabatani kofiira kuseri kwa CPU

Ndinagula kompyuta ya desikitopu yogwiritsidwa kale ntchito kwa mnyamata wina ku Luwinga, pulani inali yoti ndizitayipira ana a pa Mzuni ma assignment ndi ma CV, ndalama zizindipeza ndili khale. Ati "bwana zonse zili bho, Windows 10 ilimo, Word ilimo, inu mukangolumikiza basi." Ndinakwera sacramento, njinga ya kabaza ija, mpaka ku Chibavi, CPU, chibokosi cha kompyutacho, ili pamiyendo ngati mwana wodwala, monita ikubwera pambuyo pa njinga ina.

Kulumikiza sikunandivute ayi. Chingwe cha VGA, cha mutu wabuluu chokhala ndi timasikuluu tiwiri chija, chimalowa malo amodzi okha ndiye sungaphonye, kiyibodi ndi mausi pa USB, zingwe ziwiri za magetsi pa ekisitenshoni. Alamu anga ali pambali manja m'thumba kumangoti eeh alamu kani ndinu injiniya. Ndadina batani lakutsogolo, zii. Ndadinanso, zii.

Kusuzumira kuseri ndapeza switch yakuda yolembedwa O ndi I, inali pa O, vuto lonse linali lomwelo basi. Koma pafupi pake panali kabatani kena kofiira kosonyeza 230, kukakankha ndi kiyi wa chitseko kakusonyeza 115. Tsono inu ganizani, mita timagawana nyumba zinayi, mayunitsi akatha aliyense amayang'ana mnzake ndi diso loipa, munthu wanzeru angasankhe 230 kusiya 115 yomwe ndi theka? Alamu anavomereza kuti masamu ake ndi omveka.

Phaa! Kautsi kanatuluka pa fani, fungo la pulasitiki wopsa nyumba yonse, breaker inagwa, mpanda wonse mdima. Alamu sindinawaone potuluka, ndinangopeza patapata mmodzi pakhomo. Amayi a landilodi anali akuvundula nsima pa hotplate ndiye anabwera ndi mthiko m'manja, "a neba mwayamba kuwotcherera zitseko m'nyumba mwanga?" Ine ndinati mwina ndi mphezi. Mu July, kumwamba kuli nyenyezi zokhazokha.

M'mawa fundi wa m'tauni anaseka mpaka kukhala pansi. Akuti 115 ndi ya maiko ngati America komwe magetsi ake ndi ochepa mphamvu, athu kuno ndi 230, ndiye ukaika pa 115 power supply, kabokosi kolandira magetsi mkati mwa CPU, imalandira kuwirikiza kawiri zomwe ikuyembekezera nkupsa pompo. Ine mpaka pano funso langa ndi lakuti chinthu choopsa chonchi amachiikiranji poti munthu afikepo ndi kiyi. Mwayi motherboard ndi hard disk zinapulumuka, anangosintha power supply, ndalama ya ndiwo ya sabata inathera pomwepo.

Kufika kunyumba yayaka bwinobwino, fani ikulira, logo ya Windows yatuluka, alamu abwereranso kudzawombera m'manja. Kenako ikufuna pasiwedi. Mnyamata wa ku Luwinga uja foni yake sikupezeka.