Mfumukazi yomwe inandilanda njira

Kuseri kwa nyumba yathu kuli malo amene dzuwa limangosuzumirako m'mawa, ikamakwana 10 koloko lapita. Mbali iyi kuli khoma, mbali iyo mtengo waukulu, pakati pali kanjira kopita ku mulu wa kompositi. Kapinga ndinamudzalapo kawiri, kawiri konse anakana. Maluwa okonda dzuwa ankangotalika ngati akufuna kuthawa, kenako n'kugwa okha. Tsiku lina agogo aakazi oyandikana nafe, amene dimba lawo limatichititsa manyazi tonse mumzere wathu, anasuzumira pampanda.

"Bambo, bwanji osayesa hosta? Imeneyo mumthunzi ndiye kwawo."

Ndinavomera mofulumira ngati ndimaidziwa kalekale. Usiku ndinalowa pa intaneti. Ndinapeza kuti kwawo kwa hosta ndi ku Japan, Korea ndi China, kuti dzinali anaipatsa mu 1812 polemekeza Nicolaus Thomas Host, dokotala komanso katswiri wa zomera wa ku Austria, ndiponso kuti Philipp Franz von Siebold anatumiza mitundu yambiri ku Ulaya kuchokera ku Japan m'zaka za m'ma 1800. Lero mitundu yake ilipo masauzande, ndipo anthu amaikonda chifukwa cha masamba kuposa maluwa. Mbiri yonseyi ndinailoweza, mawa lake ndinawafotokozera amayi akunyumba mpaka anayasamula. Gawo lonena za kutalikana kwa mapando ndinalidumpha. Kukumba dzenje ndani sadziwa?

Ku nazale ndinagula mbande 12. Zonse zinali m'timiphika ta pulasitiki tofanana, ndipo m'kamphika kalikonse munazikidwa kachikwangwani: Blue Mouse Ears, Halcyon, Patriot, Sum and Substance, Empress Wu. Tizikwangwanito ndinaona kuti tikunyansitsa bedi, ndiye ndinatizula tonse n'kutiponya m'chitini cha misomali.

Ndinaima patali, manja m'chiuno, n'kuganiza ngati katswiri: zazitali kumbuyo, zazifupi kutsogolo. Nzeru imeneyi ilibe vuto. Vuto linali loti ndinayeza kukula kwa mbewu poona mmene inalili mumphika tsikulo. Zina zinali zodzaza mphika thoo, timasamba tozungulira tothinana, ndipo ndinati izi ndiye zimphona, zipite kukhoma. Kamodzi kanali ndi masamba awiri okha, komvetsa chisoni, ngati kamwana kamasiye. Kameneko ndinakaika kutsogolo, m'mphepete mwenimweni mwa kanjira, kuti anzake asakapondereze. Pakati pa phando ndi phando ndinasiya chikhatho chimodzi chotambasula, masentimita 20, chifukwa ine nthaka ya mbee m'dimba imandiwawa m'maso.

"Bambo, mwawerenga zomwe alemba pa tizikwangwanito?" anafunsa agogo.

"Ndawerenga, agogo."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana bedi, n'kungoti, "Chabwino." Chabwino wake anali wautali.

Ndikanawerenga ndikanaona kuti timitundu tating'ono timakwana pa masentimita 20 mpaka 30, yapakatikati imafuna 45 mpaka 60, ndipo zimphona zimafuna mita yathunthu kapena kuposa. Ndikanadziwanso kuti Blue Mouse Ears, yomwe ndinaibisa kukhoma, inali itakula kale, sipitirira kwenikweni masentimita 20 kutalika. Kamasiye kanga kaja ndi kamene kanali Empress Wu, kutanthauza Mfumukazi Wu, yomwe anaitcha dzina la Wu Zetian, mkazi yekhayo amene analamulira China ngati mfumu yaikulu payekha, kuyambira 690 mpaka 705. Ikakhwima imafika m'chiuno mwa munthu wamtali n'kupitirira, ndipo m'lifupi imatha kuposa mita ndi theka.

Koma zimenezo zinali kutsogolo. Chaka choyamba ndinali ndi zochita zina.

Halcyon ili ndi masamba a buluu wotuwira. Ine ndinaona ngati ndi fumbi. Loweruka lina ndinatenga kansalu konyowa, ndinagwada, ndipo ndinapukuta tsamba lililonse mpaka linawala biriwiri. Ntchito ya maola awiri. Ndinaitana amayi akunyumba kuti adzaone ukhondo, ndipo agogo anamva n'kubwera okha pampanda. Anagwira pakamwa.

"Mwatani a buluu aja?"

Anandifotokozera mofatsa, ngati akulankhula ndi wodwala, kuti mtundu wa buluuwo ndi kaphula kopyapyala kamene kamakuta tsamba. Dzuwa lotentha limakasungunula, madzi owaza mwamphamvu kuchokera pamwamba amakakokolola, ndipo kakachoka sikabwereranso mpaka masamba atsopano a chaka chamawa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine sindinadye, ndinachita kupukuta ndi nsalu.

Kenako kunabwera mabowo. M'mawa uliwonse masamba, makamaka opyapyala aja, ankapezeka atabooka ngati sefa. Ndinaitanitsa bwalo. Ana awiri anaima pakhonde, ine ndikuwaonetsa tsamba ngati umboni, ndikufunsa kuti ndani akuboola ndi pensulo. Wamng'ono analira, wamkulu anati mwina ndi mphaka wa aneba. Mphakayo ndinamuthamangitsa sabata yathunthu. Sikuti ndinamulakwira kwambiri, pakuti hosta ndi poizoni kwa amphaka, agalu ndi akavalo akaidya, koma pa mlandu uwu analibe chifukwa.

"Tengani tochi, mupiteko usiku," anatero agogo. "Ndipo muleke kuthirira madzulo."

Zinapezeka kuti alendowo ndinawaitana ndekha. Ndinkathirira dzuwa litalowa, nthaka n'kugona yonyowa usiku wonse. Masamba ouma ophimbira nthaka, amene amayenera kukhala masentimita 5 okha komanso osakhudza phata la mbewu, ine ndinawaunjika mpaka m'khosi. Ndi mbewu zothinana chonchija, pansi pake panali mdima ndi chinyezi, nyumba ya alendo yaulere.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinawaona 11 koloko usiku, nditagwada m'matope, tochi ili kukamwa. Ali kunsonga kwa tinyanga tiwiri tatitali, timadontho takuda, ndipo ukawalitsa amabwerera m'mutu pang'onopang'ono, osaonetsa manyazi ngakhale pang'ono. Zinalipo za zigoba ndi zopanda zigoba zomwe, zonenepa, chilichonse pa tsamba lake, zikusiya mizere yonyezimira ngati zikusayina kuti tinafika.

Njira yomwe ndinawerenga ndi ya mowa. Umakwirira kapu m'nthaka, mlomo wake n'kutsala pamwamba pang'ono, n'kuthiramo mowa. Fungo la yisiti limazikoka, zimagweramo n'kumira. Tsono ine sindimwa, ndipo amayi akunyumba amanyadira zimenezi pagulu. Botolo ndinaligula mobisa, ndinalibisa kuseri kwa thumba la manyowa, ndipo pakati pa usiku ndinanyamuka mwakachetechete. Ndili chogwada pansi pa mtengo, ndavala zogonera ndi nsapato za mphira, botolo lotsegula m'manja, kunawala getsi la pakhonde.

"Abambo, mwayamba liti?"

"Amayi, si wanga. Ndi wa nkhono."

Panali zii. Ndinamva ndekha mmene yankholo linamvekera. Anabwera, ananunkhiza kukamwa kwanga kawiri, n'kubwerera m'nyumba osanena kanthu. M'mawa ndinawatengera kapu yodzaza ndi mitembo mpaka kuchipinda kuti aone umboni, ndipo umenewo unakhala mlandu wachiwiri, woposa woyamba.

Kutayamba kuzizira, masamba anasanduka achikasu. Chisanu chitagwa anafota onse n'kugona pansi ngati nsanza zonyowa. Pasanathe milungu iwiri pabedi panali pululu. Ndinadziimba mlandu wa kansalu kaja, wa mowa, wa zonse. Kwa agogo sindinapite, manyazi. Palibe anandiuza, poti sindinafunse, kuti hosta imachita dala: pamwamba imafa, pansi imagona, ndipo imafunadi milungu ingapo ya kuzizira kuti idzadzuke ndi mphamvu.

Kutangoyamba kufunda ndinathamangira ku nazale kukagula zina zisanu ndi imodzi zolowa m'malo mwa malemu. Khasu loyamba linalira khwee, ngati ladula chinthu chamadzi. Nditafukula ndi zala ndinapeza timphukira tosongoka, tofiirira, tokulungika ngati nsonga za mapensulo, tina nditatidula mitu. Malemu onse 12 anali moyo. Munthu wanzeru akanazipezera malo ena zatsopanozo. Ine ndinaona kuti pakati pa phando ndi phando padakali kampata, ndipo ndinazifinyikiza pomwepo. Pamalo okwana mbewu zisanu panakhala 18.

Hosta sipupuluma. Imatenga zaka zitatu mpaka zisanu kuti ifike pa msinkhu wake, zimphona mochedwerapo. Chaka chachiwiri bedi linakongola moti ndinayamba kupereka malangizo kwa alendo. Chachitatu masamba anayamba kukwerana. Chachinayi Mfumukazi inakumbukira dzina lake.

Kamasiye kaja kanatulutsa masamba aakulu ngati thireyi, okhuthala, a mitsempha yakuya, pa mapesi onenepa ngati chala chachikulu. Kanjira kanasowa. Wilibala inaleka kudutsa. Wopita kukataya makoko ku kompositi m'mawa ankabwerako atanyowa ndi mame mpaka m'chiuno. Mpira wa ana unalowamo n'kukhala mwezi. Patriot, chifukwa chosowa kuwala, inangotsala mapesi aataliatali ndi timasamba kunsonga, ngati anthu okweza manja m'madzi. Sum and Substance yokha ndi imene inkalimbana nayo, poti nayonso ndi chimphona, ndipo ziwirizo zinkakankhana pamwamba pa anzawo.

"Abambo, musankhe," anatero amayi akunyumba, atanyamula ndowa ya zinyalala, siketi ili chonyowa. "Kanjira kapena mkazi wanu wachiwiriyu."

Ulendo uno ndinapita kwa agogo ndekha, chipewa m'manja. Anati ndidikire nyengo yoti mphukira zangotuluka, masamba asanatambasuke, kapena kumapeto kwa nyengo yotentha kuti mizu ipeze nthawi yogwira chisanu chisanafike. Ndithirire dzulo lake, ndikumbe mozungulira patali ndi phata, ndizule chitsa chonse, kenako ndizike mafoloko awiri akuluakulu a m'dimba pakati motembenukirana misana n'kuwakankha kuti chigawike. Chidutswa chilichonse chikhale ndi mphukira zingapo ndi mizu yake, ndipo pobzala phata likhale molingana ndi nthaka, osalikwirira.

Anaiwala kundiuza kulemera kwake. Ndinakumba theka la tsiku. Mizu ya Mfumukazi inali italukana ndi ya anzake komanso ya mtengo, moti sindinkadziwa kuti ndikudula ya yani. Chitsa chitatuluka chinali chachikulu ngati tayala la galimoto. Ndinazika mafoloko, ndinakankha, osasuntha. Ndinaponda limodzi ndi phazi, linalo ndikukoka ndi manja onse, mitsempha ya m'khosi ili tong'o. Chinalira phwaa! Chitsa chinagawika, ine ndinauluka chambuyo, n'kukagwa chagada mu wilibala yodzaza manyowa onyowa, miyendo m'mwamba. Wilibalayo inaganiza kaye pang'ono, kenako inapendekeka n'kundikhuthula pansi, manyowa n'kutsatira pamwamba panga.

Pampanda panali agogo, akupukuta misozi ndi m'mphepete mwa nsalu. Pakhonde panali ana. Mphaka uja anali pakhoma, akundiyang'ana ngati munthu amene apilo yake yatheka.

Ndili chigonere choncho, nkhope pafupi ndi khoma, ndinaona timphukira ting'onoting'ono tothinana, tosaposa njere za mapensulo. Blue Mouse Ears. Zaka ziwiri ndisanaione, ndinali nditaiiwala, koma inali moyo mumdima muja. Tsopano ili kutsogolo, m'mphepete mwa kanjira, timasamba take tozungulira ngati makutu a mbewa tikuoneka bwino, ndipo palibe amaloledwa kutipukuta. Tizikwangwani ndinatipeza m'chitini cha misomali, ndinatibwezera, ngakhale tiwiri titatu ndinachita kulota.

Mfumukazi inatuluka zidutswa zinayi. Chimodzi ndinachibzala kukhoma, nditayeza ndi tepi mita ndi theka mbali zonse, pakati pa nthaka ya mbee imene imandiwawabe m'maso. Ziwiri anatenga agogo. Chachinayi, chaching'ono kwambiri, cha mphukira ziwiri zokha, ndinachiika mumphika. Lamlungu kunabwera alamu anga, amene nkhani ya mowa wa nkhono amainena pa chikondwerero chilichonse cha pabanja, ndipo amawonjezera botolo limodzi chaka ndi chaka. Anakanyamula kamphikako n'kukatembenuza uku ndi uku.

"Kabwino aka, kakang'ono. Mundipatse alamu, ndikakaike pafupi ndi khomo lolowera."

Agogo anatsegula pakamwa pampanda paja. Ndinawayang'ana. Anatseka.

"Tengani, alamu," ndinatero, ndikulowetsa kachikwangwani m'thumba. "Pakhomo pomwepo ndiye pabwino."