Sabata imene utoto wa Cy2 unazimirira pa ma slide athu

Lolemba ndi Lachiwiri ntchito inayenda monga mwa masiku onse: kupaka magazi pa ma slide (timagalasi toonera pa maikulosikopu), kuwaumitsa, kuwaviika mu methanol ndi acetone wozizira, ndi kuwasiya m'firiji usiku wonse ali ndi ma antibody oyamba, mapuloteni amene amakamamatira pa chimene tikufuna kuona. Ma slide anali 24, ochokera m'magazi a ana amene anagonekedwa ndi malungo aakulu m'dzinja lapitali, ndipo tinkafuna kuona puloteni ya PfEMP1 imene Plasmodium falciparum, kachilombo koyambitsa malungo, amaitumiza pakhungu la selo yofiira. Aliyense wogwira ntchito imeneyi akudziwa kuti magazi a mwana wodwala sitibwerera kukapemphanso. Mayi anavomera kamodzi, tinatenga pang'ono, ndipo zimene tili nazo ndi zomwezo.

Lachitatu m'mawa ndinatsegula katoni imene inachokera ku ofesi yogula katundu, ndikuyembekezera ProLong Diamond, mankhwala amene timadontheza pa slide tisanaiphimbe kuti utoto wowala usazilale, amene ndinalemba pa fomu miyezi inayi yapitayo. M'malo mwake ndinapeza kabotolo kena ka glycerol wokhala ndi p-phenylenediamine, amene tonse timangomutcha PPD, ndi kapepala kolembedwa kuti "ndi zofanana". Palibe anandifunsa. Nditakaunika pawindo, madziwo anali atayamba kuoneka ngati tiyi wosakolera masamba, chizindikiro chakuti PPD wakhudzana ndi mpweya ndi kutentha, mwina pa masiku amene katoniyo inakhala kubwalo la ndege kudikira mapepala.

Ndinapita kwa akulu a labotale ndi kuwafotokozera kuti antibody wathu wachiwiri, amene amamamatira pa woyamba uja, ali ndi utoto wowala mobiriwira wotchedwa Cy2, ndipo PPD amaswa utoto wa gulu la cyanine, makamaka Cy2 yemweyo. Anandiyankha kuti, "Achimwene, alendo akubwera Lachisanu ndipo akufuna zithunzi, ingoikani zomwe zilipo." Ndinaika. Chimene chikundipweteka mpaka lero n'chakuti ndinkadziwa, koma sindinaumirire ngakhale kuyesa pa slide imodzi poyamba. Ndinadontheza pa onse 24, ndinaphimba ndi coverslip (kagalasi kopyapyala kovundikira), ndinamata m'mphepete ndi polishi wa zikhadabo popeza glycerol sauma, ndipo ndinawasunga mumdima.

Madzulo a tsikulo ma slide awiri amene ndinayang'ana ankaoneka bwinoko. Lachisanu m'mawa, nditakhala pa maikulosikopu, DAPI, utoto wabuluu womamatira pa DNA, ankawala bwino ndipo timadontho tabuluu ta tizilombo tinkaoneka m'selo iliyonse, koma nditasinthira ku kuwala kobiriwira, timadontho tosongoka timene timayenera kuzungulira selo tinali titasungunuka n'kukhala ngati nkhungu ya m'mamawa. Ndinawonjezera nthawi ya kamera, ndipo chimene chinakula ndi kuwala kwa kumbuyo kokha. Wophunzira amene ankandithandiza anandifunsa ngati iye ndiye analakwitsa potsuka, ndipo ndinamuuza kuti manja ake alibe mlandu.

Anzathu a ku ofesi amaona mankhwala amenewa ngati guluu womatira galasi, n'chifukwa chake amasankha potengera mtengo ndi chimene wogulitsa ali nacho. Ndikumvetsa kuti ndalama zakunja zikusowa ndipo oda imachedwa, koma mankhwala oteteza kuwala amasankhidwa potengera utoto umene uli pa slide. PPD amateteza FITC, utoto wina wobiriwira, mwamphamvu, ndipo kwa amene amagwiritsa ntchito utoto umenewo ndi wabwino ndithu akakhala watsopano. DABCO, mankhwala ena oteteza kuwala, ndi wofookerapo, koma sawononga utoto wa cyanine ngati PPD. FITC amafuna pH yopitirira 8 kuti awale mokwanira. Palinso nkhani ya refractive index, muyeso wa mmene chinthu chimakhotetsera kuwala: mafuta a lenzi ya 100x ali pa 1.515, madzi ali pa 1.33, pamene ProLong Diamond amafika pa 1.47 akauma bwino, ndipo amafunika maola osachepera 24 mumdima asanajambulidwe. Kusiyana kwa mafuta a lenzi ndi mankhwala a pa slide kukakula, chithunzi chimataya kusongoka kwake mukamalowa mkati mwa sampulo, ngakhale coverslip itakhala ya 0.17 mm monga lenzi imafunira. Zonsezi zikanatha ndi foni ya mphindi ziwiri oda isanasinthidwe.

Alendo anabwera, anaonetsedwa zithunzi za chaka chatha, ndipo anapita.

Loweruka ndinabwera ndekha. M'kabati munali Mowiol 4-88, ufa wopangira mankhwala ophimbira slide, amene anasiya mnzathu wina atamaliza maphunziro ake, ndipo ndinakonza monga tinkachitira kale: magalamu 2.4 a Mowiol, magalamu 6 a glycerol, mamililita 6 a madzi, mamililita 12 a Tris (mankhwala oletsa pH kusinthasintha) wa 0.2 M pa pH 8.5, kutenthetsa mofatsa mpaka zonse zitasungunuka, kenako DABCO wa 2.5 peresenti. Magetsi anazima pakati pa ntchitoyo ndipo ndinadikira jenereta ola lathunthu. Kenako ndinachotsa polishi uja, ndinaviika ma slide mu PBS, madzi amchere otsukira, mpaka ma coverslip anatsetsereka okha, ndinatsuka kangapo, ndi kuikanso antibody wachiwiri. Pa ma slide ena magazi anamatuka limodzi ndi galasi ndikuyang'ana, ndipo palibe chimene ndikanachita.

Lamulungu masana, Mowiol atauma, ndinawerenga amene anapulumuka. Ma slide 11 anabwerera ndi timadontho tobiriwira tooneka bwino, ndipo 13 atayika, kuphatikizapo awiri a mwana amene magazi ake analibenso otsala mu firiza. Ndalemba kalata yopempha kuti pasamasinthidwe chilichonse pa oda ya labotale popanda siginecha ya amene anaitanitsa, ndipo Mowiol wotsala ndamugawa m'timachubu 20 ndi kumusunga mu firiza pa -20 °C. Kalatayo ndikaipereka mawa m'mawa, pamodzi ndi chithunzi cha slide ya Lachisanu ndi cha lero zitaikidwa pambali pa zinzake.