Zomwe ndaphunzira nditanoketsa chainsaw ya amalume

Miyezi inayi tsopano Loweruka lililonse ndimapita kwa madala ena amene amakonza majenereta, mapampu ndi ma chainsaw kuseri kwa msika kuno ku Zomba, ndiye ndati ndilembeko zomwe ndagwira zisanandithawe mmutu. Chinandifikitsa kumeneko ndi ngozi, ndinaononga makina a amalume, Stihl MS 381 yomwe anagula namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023 mitengo itagwa paliponse anthu akusowa owachekera. Makina amenewo ndi omwe amalipilira fizi ana awo awiri, ndiye mutha kuona mmene mtima wanga unalili tsiku lomwe anazima mmanja mwanga chingwe nkukana kukokeka.

Zinayamba chonchi. Timacheka bulugama cha ku Domasi, makina akulira molemera, utsi wambiri, ukaika pamtengo mphamvu palibe. Ine ndinali nditaonerako mavidiyo pa YouTube kuti pa kabuleta pali masikulu atatu ochunira injini, olembedwa L, H ndi LA, ndiye ndinatenga sikuludiraiva nkumanga ya H pang'ono. Nthawi yomweyo makina anasintha kaliridwe, akulira mokuwa bwinobwino, ine nkumati ndawachiza. Madzulo ake ndinachotsa fyuluta ya mpweya nkupeza yatsekeka ndi utuchi, ndinaitsuka ndi madzi a sopo nkuiyanika, mmawa nkubwezeretsa. Sikulu ija sindinaibweze pomwe inali. Tisanafike 10 koloko injini inanoka.

Madala aja sanandikalipire. Anamasula ekizozi nkundiuza kuti ndisuzumire pabowo, pisitoni inali ndi mizere kuchokera pamwamba mpaka pansi ngati mphaka wakanda. Nkundifunsa kuti "mwana wanga, wagwira sikulu iti?" Ndinati ya H bambo. Ndiye anandifotokozera chinthu chomwe mpaka lero ndimachiona kuti ndiye mutu wa nkhani yonse ya makinawa. Injini ya chainsaw ndi ya two stroke, ilibe posungira oyilo ngati ya galimoto, oyilo wake amalowa limodzi ndi petulo. Ukamanga H ukuchepetsa petulo, ndiye kuti ukuchepetsanso oyilo, komanso petulo yemweyo ndi amene amathandiza kuziziritsa mkati. Fyuluta yotsekeka ija imapangitsa kuti mpweya uchepe petulo achuluke, vuto linali lomwelo basi, ine mmalo motsegulira mpweya ndinachepetsa mafuta, kenako nditatsuka fyuluta mpweya unalowa wambiri pa mafuta ochepa, makina nkuthamanga mopyola muyezo mpaka pisitoni kutentha nkumatilira ku silinda. Kulira kokoma kuja kunali kulira kwa makina omwe akupsa.

Iwo akamachuna amamvetsera ndi khutu. Ukafinya mafuta onse tcheni chisanakhudze mtengo, makina abwino amayenera kumveka ngati akubwatamuka pang'ono, brrr brrr, ndiye ukangolowetsa mumtengo kaphokoso kaja kamatha nkulira mosalala. Akamalira mosalala ali mmwamba opanda katundu ndiye kuti mafuta achepa. Zinanditengera ma Loweruka atatu kuti khutu langa lisiyanitse zimenezi. Lamulo lawo ndi loti kabuleta sugwira usanaone fyuluta ya mpweya, pulagi, kafyuluta ka mu thanki ndi mafuta omwe wathira.

Nkhani ya mafuta nayo ndinali ndikungoyerekeza ndi maso. Pa makina athuwa muyezo ndi 50:1 ngati oyilo wa two stroke ndi wabwino, kutanthauza mamililita 20 pa lita imodzi, kapena 100 pa chigubu cha malita 5. Makina otchipa aja a ku China ambiri amalemba 25:1, ndiye werengani zomwe zalembedwa pa anuwo. Pano ndimayeza ndi sirinji yomwe ndinagula ku famase, ndimayamba kuthira oyilo mchigubu ndi petulo pang'ono, kukhutchumula, kenako kudzazitsa. China chomwe sindimachidziwa nchoti petulo wathu kuno ku Malawi amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Mafuta akakhalitsa mmakina amaumitsa timapaipi ndi kachikopa kopyapyala ka mu kabuleta komwe kamapopa petulo. Kachikopa kameneka ndi kamene kamapangitsa kuti chainsaw izilirabe ngakhale uyipendeketse kapena kuyizondotsa. Ndiye amalume pano amasakaniza ongokwanira masabata ochepa, ndipo makina akati akhala nthawi yaitali osagwira ntchito timakhuthula thanki nkuwaliza mpaka azime okha.

Koma komwe ndathera nthawi yambiri ndi kunola tcheni, ndipo ndikuona kuti anthu ambiri ocheka matabwa amavutika chifukwa cha pomwepa osati injini. Madala amangoyang'ana utuchi. Tcheni chakuthwa chimatulutsa tizibanthu tokulirapo ndipo chimadzikoka chokha kulowa mumtengo, chobuntha chimatulutsa fumbi ngati ufa, iwe nkumakanikiza ndi mphamvu zonse, bar (chitsulo chachitali chija chomwe tcheni chimazungulirapo) kutentha, mafuta kutha msanga, msana kupweteka. Tcheni chathu ndi cha saizi ya 3/8, tupa yake yobulungira ya mamilimita 5.2, umaigwira mopendekeka madigiri 30, kukankhira kutsogolo kokha kuchokera mkati mwa dzino kupita kunja, pobwerera umaitukula. Ndimayamba ndi dzino lomwe lafupika kwambiri, kulipaka choko kuti ndidziwe pomwe ndayambira, enawo nkuwafananitsa ndi limenelo. Poyamba dzanja langa limanola kwambiri mbali imodzi, ndiye makina amacheka mokhota ngati akuthawa mzere, thabwa nkutuluka lonenepa uku lopyapyala uko. Madala anandipatsa tcheni chakutha kuti ndiziphunzilirapo, ndinachinola mpaka mano kutsala timitu.

Kutsogolo kwa dzino lililonse kulinso kachitsulo kotumphuka komwe kamalamula kuti dzino lidye mozama bwanji. Kamayenera kutsika mamilimita 0.65 pansi pa nsonga ya dzino. Ukamanola dzino limafupika komanso kutsika, ndiye kachitsuloka ukakasiya tcheni chimakhala chakuthwa koma osadya. Anyamata ena amakapala kwambiri kuti makina azicheka msanga, ine zimenezo sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono, makina amayamba kunjanja, kugwira mumtengo, ndipo ndi pomwe amadumphira munthu.

Kudumphako ndiye kumandiopsa. Nsonga ya bar, mbali yammwamba, ikakhudza nthambi kapena chipika china makina amabwerera kumaso mwachangu kuposa mmene munthu angaphethire. Nchifukwa chake chala chachikulu cha kumanzere chimayenera kuzungulira chogwilira, ndipo buleki ya tcheni, chija chili kutsogolo kwa dzanja, timayesa mmawa uliwonse tisanayambe. Ndaonapo makina obwera kwa madala buleki itachotsedwa ati imasokoneza, iwo amakana kuwabweza kwa eni ake asanaikemo ina. Ndawalemekeza kwambiri pa chimenechi. Amalume ndawakakamiza kugula zotseka mmakutu ndi magalasi, buluku lija loteteza miyendo tikusungira ndalama.

Zina ndi zazing'ono koma za tsiku ndi tsiku. Oyilo wa tcheni, ukaloza nsonga pa chitsa nkufinya mafuta payenera kuoneka kamzere ka oyilo, pakapanda kuoneka tsukulani kabowo ndi mpata wa bar momwe tcheni chimayenda. Oyilo wakuda wokhetsedwa mgalimoto ambiri amathira poti ndi wotchipa koma ali ndi tizitsulo tomwe timadya pampu ndi bar yomwe. Bar timaitembenuza nthawi iliyonse tikanola kuti isadyeke mbali imodzi. Tcheni chisalendewere pansi koma chizitheka kukokeka ndi dzanja utavala gulovu, ndipo ukachimanga chili chotentha uchimasuleko pomaliza ntchito chifukwa chikazizira chimafupika. Pulagi mpata wake ndi theka la milimita, ikakhala yofiilira ngati khofi wamkaka zili bwino, yakuda yonyowa mafuta achuluka, yotuwa mbee ndiye zija zinandichitikira ine. Makina akamwa mafuta ambiri chifukwa chokoka chingwe kambirimbiri choki chili chotseka, umachotsa pulagi, kuipukuta, kukoka kangapo kuti mkati muume, nkulizanso choki utatsegula.

Silinda ndi pisitoni zatsopano tinaika mwezi watha, theka la ndalama ndinalipira ine kuchokera ku maganyu, ndipo madala anandisiya kuti ndimange ndekha iwo atakhala pambali akungondiuza kuti kamuvi ka pamwamba pa pisitoni kaloze ku ekizozi, ma ring akhale pa timapini tawo ndisanakankhe silinda. Manja amanjenjemera. Nditakoka kachitatu choki chili chotseka anatsokomola, nditatsegula nkukokanso kawiri analira. Amalume anawatenga Lolemba kukacheka paini ku Malosa, madzulo anandiimbira kuti "mphwanga, akudya bwino." Loweruka likubwerali madala ati andionetsa kuyeza ngati ma seal a crankshaft, timalabala totseka mmbali mwa injini, akulowetsa mpweya, pali Husqvarna 272 ya munthu wina yomwe ikungothamanga yokha osafinya mafuta ndipo akuganiza kuti vuto lili pamenepo.